Thoko, Kwera Sitima ya ku Inverness

Thoko mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi Lamulungu masana, nditakhala m'galimoto ya kuntchito panja pa nyumba yathu kuno ku Springburn, chifukwa m'nyumbamo munthu sungalembe mizere iwiri azakhali ako asanakulande cholembera. Ukudabwa kuti bambo ako amene ukukhala nawo nyumba imodzi akukulemberanji kalata. Chifukwa chake n'chakuti ndikayamba kulankhula nawe, umandiyankha m'Chingerezi chako cha ku Glasgow chothamanga ngati njinga yopanda mabuleki, ndipo ndisanamalize mfundo yanga umakhala utawina kale mlandu. Koma Chichewa umawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Ndiye lero ndakupezerera, uwerenga mpaka kumapeto osandidula pakamwa.

Lachisanu ndinakumva uli kukhitchini ndi amayi ako. Sindinkamvetsera mobisala ayi, ndinkangovula nsapato pakhomo. Unati mawa Lolemba sukwera sitima ya ku Inverness, uwaimbira foni akuntchito kuti apeze namwino wina, chifukwa sungawasiye amayi ako okha ndi azakhali. Amayi ako atakufunsa kuti nanga adadi ako anasamuka, unayankha kuti, "Dad's here, aye, koma Dad saona." Ndinaima pamenepo nsapato imodzi ili m'manja. Mawuwo anandipweteka, ndisakunamize, ndipo anandipweteka chifukwa ndi oona. Koma ntchito imeneyi usaikane, Thoko. Werenga kaye, kenako uweruze.

Choyamba udziwe kuti ndimakunyadira, ndipo ndikunena poyera chifukwa pakamwa zimandivuta. Waphunzira unamwino wosamalira anthu onga azakhali ako, amene anabadwa ndi ubongo wophunzira mochedwa, ndipo kumene ukupitako uzikayendera mabanja amene akusamalira anthu otere akayamba matenda a kuiwala. Tsiku lolandira digiri amayi ako analuluta m'holo ya azungu mpaka anthu kutembenuka, iwe n'kubisa nkhope. Ine ndinakhala phee ngati munthu wolemekezeka, koma chithunzi chako cha tsiku limenelo ndachionetsa kwa aliyense amene ndinamukonzerapo chikepe mwezi wonse uja, ngakhale amene sanandifunse. Maphunziro uli nawo oposa anga. Chimene ine ndingakupatse ndi zolakwa zanga zokha, ndipo zilipo zokwanira kudzaza sutikesi.

Pali zimene sunazione chifukwa unali wamng'ono. Azakhali ako a Eliza, mlongo wanga, anabadwa ndi Down syndrome, kwathu ku Ntcheu tinkangoti mwana wochedwa. Agogo ako anabwera nawo kuno, tonse n'kumapanikizana m'kafulati ka pamwamba ku Sighthill, m'nyumba zazitali anazigwetsa zija. Agogo ako akudwala komaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mlongo wakoyu usadzamupereke kwa anthu." Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza mokweza kuti onse amve. Masiku amenewo lonjezolo linali lopepuka. Azakhali ako ankadziwa nambala ya basi iliyonse, ankapukuta matebulo m'kamalo komwera tiyi ku Dennistoun masiku atatu pa sabata, ndipo ankandikalipira ndikasiya masokosi pabalaza. Wolonjeza ndinali ine, koma zinthu zitalemera, amene anasenza ndi amayi ako, mlamu chabe, amene palibe anawagwira dzanja kapena kuwafunsa.

Uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amayi ako anandiuza kuti, "Bambo a Thoko, alamu asintha. Akufika pa masitepe akumaima, phazi lili m'mwamba, ngati pali dzenje. Dzulo apinda thaulo limodzi kasanu." Ine ndinaseka. Ndinati Eliza ndi mmene alili, ndakula naye, ndimamudziwa kuposa aliyense. Ukudziwa kuti ndine wokonza zikepe: chinthu chikawonongeka chimayatsa nyali yofiira, ndimatsegula bokosi, ndimasintha waya. Azakhali ako sanayatse nyali iliyonse, ndiye ndinati palibe vuto. Panapita chaka chathunthu amayi ako akulankhula okha, mpaka tsiku limene azakhali anatsika basi pamalo olakwika n'kukhala pa benchi akulira, osadziwa kolowera. Dokotala atanena kuti ndi dimensha, matenda a kuiwala aja, ndiponso kuti amabwera msanga kwa anthu onga iwo, ine ndinachita manyazi kuwayang'ana amayi ako. Ukumbukire, Thoko: wosamalira akakuuza kuti munthu wake wasintha, lemba, ngakhale chimene akunenacho chikhale cha thaulo. Iye ndi amene amadziwa mmene munthuyo analili dzana.

Tsopano ndikuuze cholakwa chimene chimandidzutsa ndikachikumbukira. Patapita nthawi tinalandira kalata yoti kubwera mayi wina wochokera ku ofesi yoona za chisamaliro, kudzaona ngati banja lathu likufunika thandizo. Iwe unali kusukulu. Ine ndinapempha tchuthi cha masiku awiri, ndipo usaganize kuti ndinapempha kuti amayi ako apume. Ndinapempha kuti tikonze m'nyumba. Tinaleredwa kuti mlendo saona umphawi wako, ndiye ndinabwereka makina ochapira kapeti, ndinakolopa kubafa mpaka maso kuwawa ndi mankhwala. Matewera a akuluakulu ndi zofunda zonyowa za usiku umenewo ndinazinyamula ndekha kukazitsekera m'galimoto muno. Amayi ako ndinawauza kuti akazinge mandasi. Azakhali tinawaveka diresi lawo la kutchalitchi, ine n'kumanga tayi.

Mayi uja anafika, munthu waulemu bwino, n'kukhala pansi ndi mapepala ake. Azakhali ako, paja amakonda alendo, tsiku limenelo anachita kuwala: anapereka moni wa manja awiri, anaimbanso nyimbo ya kwaya osaphonya mawu. Mayiyo anatembenukira kwa amayi ako n'kuwafunsa kuti zikuyenda bwanji. Anayankha ndine. Anawafunsa ngati amagona mokwanira. Anayankhanso ndine, ndinati ife kwathu timasamalana tokha, wachibale sitimutaya. Anayesa kachitatu, akuwayang'ana amayi ako m'maso. Amayi ako anayang'ana tayi yanga, kenako pansi, n'kunena kuti, "Tikumaneja, thank you." Mayi uja anadya mandasi awiri, anayamikira, n'kumapita. Patatha masabata angapo kunabwera kalata yoti banjali likukwanitsa bwino, pakadali pano silikufunika thandizo. Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinanyadira kalata imeneyo ngati satifiketi. Amayi ako anaipinda n'kuiika m'dirowa ya masipuni. Mayi uja sindimuimba mlandu, analemba zimene tinamuonetsa.

Ndiye ukumbukire, Thoko. Ukadzalowa m'nyumba yonunkhira mankhwala okolopera, patebulo pali mbale ya zokazinga, bambo wa m'nyumbamo wamanga tayi ndipo akuyankha mafunso a mkazi wake, udzadziwe kuti wafika kwathu. Bamboyo umutume akawiritse madzi a tiyi, kapena akakuonere ngati galimoto waimika bwino, amuna timakonda kutumidwa zoterezo. Ukatsala ndi mayiyo usamufunse ngati ali bwino, adzati ali bwino. Umufunse kuti dzulo anadya chiyani, anadyera pati, atakhala kapena ataimirira. Umufunse kuti anatuluka liti yekha m'nyumbamo popanda chikwama chokagulira zinthu. Ukatero ukhale chete, usathamangire kulemba, chifukwa yankho loona limachedwa kutuluka. Ndipo si Amalawi okha, a kumapiri ukupitako nawonso ndamva kuti ndi ouma mutu ngati ife.

Za kutchalitchi ndiye umazidziwa, koma mbali yanga sunaimve. Ndinkakonda kuimirira pa nthawi ya maumboni n'kuyamika Mulungu chifukwa cha mkazi wolimba amene anandipatsa. Anthu ankaomba m'manja, amayi ako ali kumbuyo kwenikweni akuletsa azakhali kuvula nsapato. Ndinkaganiza kuti ndikuwalemekeza, pamene ndinkangowatsekera pakamwa, chifukwa munthu amene mpingo wonse wamutcha wolimba angadandaulenso bwanji? Kenako anthu ankabwera kudzazonda, asanu nthawi imodzi, Lamulungu masana. Ankapemphera bwino ndithu, koma akamachoka ankasiya makapu asanu m'sinki ndi wodwala wosokonezeka ndi phokoso. Potuluka aliyense ankati, "Mukafuna chilichonse mutiimbire." Amayi ako sanaimbirepo munthu ngakhale mmodzi. Amene anathandiza ndi Mayi Gondwe okha, aja amayimba mokweza kuposa kwaya yonse. Iwo anangobwera Lachinayi lina ndi zoluka zawo n'kunena kuti, "NaPhiri, vala jekete utuluke. Usabwere isanakwane folo, ukabwera sinditsegula." Amayi ako anandiuza kuti anangokwera basi kupita m'tauni n'kubwerera pa basi yomweyo, osatsika. Ukumbukire zimenezo ukamalangiza abale a wosamalira: asamafunse kuti tithandize chiyani, atchule tsiku ndi ola, abwere.

Pali china chimene unandiphunzitsa ndi iweyo, mwina unaiwala. Azakhali ako atayamba kufunsa kuti amayi ali kuti, ine ndinkawauza zoona, poti ndinaleredwa kuti bodza ndi tchimo. Ndinkati, "Eliza, amayi anamwalira kalekale, unalipo pamaliro." Iwo ankalira ngati uthengawo wangofika kumene, ine n'kutenga makiyi kumapita kuntchito, maliro amene ndayambitsawo n'kuwasiyira amayi ako tsiku lonse. Mawa lake chimodzimodzi. M'mawa wina ndisanatsegule pakamwa, iwe unakhala pafupi nawo uli m'yunifomu ya sukulu, n'kunena m'Chichewa chako chopindika chija kuti, "Mwawasowa amayi, eti? Ankakuphikirani chiyani?" Azakhali anayamba kufotokoza za futali, mpaka kuseka, funso lija n'kuliiwala. Sunaname, sunawalizenso. Ine bambo wa zaka makumi asanu ndinatsika masitepe tsiku limenelo ndikudzifunsa kuti mwana ameneyu nzeruzi anazitenga kuti, poti kwa ine ayi. Ntchito imene ukufuna kuikanayi unaiyamba m'mawa umenewo.

Zimene zikubwerazi sukuzidziwa, chifukwa amayi ako anandiletsa kukuuza, koma lero ndawapempha chilolezo. Miyezi isanu yapitayo ndinaweruka msanga, cha m'ma fili koloko masana. Iwe unali m'nyumba ndi azakhali, amayi ako atapita kogula zinthu. Ndikukwera masitepe ndinawapeza atakhala pa sitepe yozizira pansi pa chitseko chathu, jekete lili m'thupi, majumbo ali pamapazi, nsomba za m'firiji zitasungunuka mpaka madzi kuyenderera. Ndinatulutsa makiyi, iwo n'kundigwira buluku. "Bambo a Thoko, musatsegule kaye. Ndikangolowa ayamba kundiitana. Five minutes yokha." Ndinakhala nawo pansi pomwepo. Patapita nthawi anati, "Dzulo ndinawakalipira alamu kubafa. Ndinawagwira mkono mwamphamvu mpaka anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Ine ndayamba kudziopa." Ndinayamba zanga zija, zoti tipemphere, zoti ndinalonjeza amayi. Anandidula. "Amayi anagwira dzanja lanu, koma wosambitsa ndine. Aku day centre, kumene alamu amakaswera masana, anatiuza kawiri za respite, kuti alamu akagoneko sabata imodzi ine ndipume. Munakana musanandifunse."

Zinali zoona. Ndinakana chifukwa ndinkaopa kuti kumudzi amva kuti mwana wa malemu wakasiya mlongo wake kwa azungu. Ndinkaopa anthu amene ali kutali, amene sanachapepo chofunda chimodzi cha Eliza, pamene mkazi wanga akuopa kulowa m'nyumba yake yomwe. Sabata imeneyo ndinakangana ndi agogo ako mumtima mwanga mpaka ndinawauza kuti: amayi, munati ndisamupereke kwa anthu, koma NaPhiri akagwa, Eliza apita kwa anthu ndithu, ndipo sadzabwerako. Ukumbukire, Thoko, wosamalira akakuuza chinthu chochititsa manyazi ngati chimene amayi ako anandiuza, usadzidzimuke pankhope. Uonetsetse kuti wodwalayo ali bwino, inde, imeneyo ndi ntchito yako, koma udziwenso kuti munthu amene waulula yekha akupempha kuti umugwire asanagwe.

Ndinaimba foni ku ofesi kuja ndekha, ndinapempha kuti abwerenso. Ulendo uno sindinakolope. Zofunda zinali pamene zimakhala, matewera ali poonekera, mandasi kunalibe. Mlendo atalowa ndinapereka moni n'kutsika kudzakhala m'galimoto muno maola awiri, kuti pakamwa pangapa pasawonongenso zinthu. Iwe unali ku maphunziro a m'chipatala masabata amenewo. Zinatenga nthawi, mapepala a kuno umawadziwa, ndipo sindinakuuze chifukwa ndinkafuna zitsimikizike kaye. Kumeneko ndinalakwanso, ndikanakuuza sukanafika poganiza zokana ntchito. Yankho lafika Lachinayi lapitali. Kuyambira mawa kuzibwera azimayi awiri, m'mawa ndi madzulo, kudzawasambitsa ndi kuwaveka azakhali, poti zimenezo mlongo wawo sindingachite, mwambo umenewo wokha ndausunga. Zotsalazo ndi zanga. Kuntchito ndasiya Lachitatu lililonse, Loweruka ndi langanso. Ndaphunzira kuphika phala losapanga mibulu, ndipo ndikudziwa kuti kapu yawo ndi yofiira ija, ukawapatsa ina samwa. Kumalo kopumulira kuja, kwa respite, tinapita kukaona tonse atatu, azakhali ako anakakonda mpando wa pawindo mpaka kuvuta kuchoka.

Ndikudziwa kuti pali china chimene sunawauze amayi ako. Ukuopa kuti ukadzabwera pa Khirisimasi azakhali sadzakudziwa. Sindikunamiza, mwana wanga, zikhoza kutero. Ine amene ndimawapatsa phala, sabata yatha ananditcha dzina la malume athu amene anamwalira ndili mnyamata. Zinandiwawa, ndinapita kubafa kukasamba m'maso. Koma matendawa sayang'ana kuti ndani ali pafupi, ukhale kapena upite adzachita zomwezo. Ukakhala, udzangokhala munthu wachiwiri wotopa m'nyumba muno, ndipo tsiku lina ndidzakupeza iwenso pa sitepe paja. Zimenezo sindilola. Uziimba pa vidiyo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, uziwaimbira nyimbo zawo za kwaya, mawu ako adzawakonda ngakhale dzina litathawa.

Kumeneko ukadzisamale. Jekete lako lokongola lija ndi la zithunzi, ukagule lenileni, akuti mphepo ya ku Inverness imachita kulowa m'mafupa. Uzidya chakudya chophika, osati mabisiketi a m'galimoto ngati bambo ako. Ukapeze anthu opemphera nawo, ndi mnzako mmodzi woti uzimuuza zoona ukatopa. Tsiku lako lopuma likhale lopuma, foni ya kuntchito uzithimitsa. Uli ndi mtima wa amayi ako, wosenza osadandaula, ndipo mtima umenewo ndimaunyadira komanso ndimauopa. Munthu akakufunsa kuti uli bwanji, nthawi zina uziyankha zoona.

Tsopano imva chimene ndasungira kumapeto. Matikiti a sitima ya mawa ndi awiri. Amayi ako akukuperekeza, akakhala nawe mpaka Lachisanu, akakuthandize kuyala m'chipinda chako chatsopano ndi kukudandaulira za makatani. Ine ndatenga tchuthi sabata yonse, nditsala ndi mlongo wanga. Chimwalirireni agogo ako, amayi ako sanagonepo kunja kwa nyumba imene muli azakhali, ngakhale tsiku limodzi. Ndawanyengerera masiku atatu, avomera dzulo, ndipo kachikwama kawo akabisa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwathu chifukwa akuopa kuti akakaona asintha maganizo. Anena mawu amodzi okha, akuti, "Thoko akapanda kupita, inenso ndilibe kopita." Ndiye waona mmene zilili. Ukaimba foni ija mawa kukana ntchito, sukuwathandiza amayi ako, ukuwatsitsa m'sitima.

Longedza katundu wako, mwana wanga. Ine ndikakutulani ku siteshoni ya Queen Street azimayi aja akangofika, ndipo ndikalira usandijambule. Mukafika, amayi ako akandiimbira foni koposa kamodzi pa tsiku uwalande foniyo. Lachiwiri m'mawa ukamapita kukayamba ntchito, usawadzutse kuti akupangire tiyi, ngakhale atakuuza madzulo ake kuti uwadzutse. Utseke chitseko pang'onopang'ono, uwasiye agone mpaka adzuke okha.

Mulungu akutsogolere, namwino wanga.

Ndine,
Bambo ako